Nkhupakupa za Agalu: Chifukwa Chake Zimabwerera ndi Mmene Tingazithetsere Pakhomo

Mu Okutobala chaka chatha, mlimi wina amene anamaliza maphunziro ake pano zaka zingapo zapitazo anabwera kudzagula mbande za zipatso. Tisanatsazikane anandipatulira pambali nandiuza kuti: "Aphunzitsi, ndathedwa nzeru. Agalu anga ndawasambitsa kawiri ndi mankhwala a dibi, koma pakangopita mlungu umodzi makutu adzazanso nkhupakupa. Mmodzi anafa mwezi watha, ndipo tsopano amayi akunyumba akuzipeza zikukwera chipupa cha kuchipinda kwa ana." Iye anali kuganiza kuti kusitolo anamgulitsa mankhwala achinyengo.

Patapita masiku awiri ndinapita kukaona. Botolo la mankhwala linali labwinobwino, ndipo kasakanizidwe kake kanali koyenera. Koma titachotsa saka limene agalu anali kugonapo pakhonde ndi kukanda mng'alu wa m'munsi mwa chipupa ndi kamtengo, tinapeza timilu ta mazira ofiirira, ang'onoang'ono ngati mchenga wonyowa, pamodzi ndi nkhupakupa zouma zimene zinawaikira. Pamwamba, pamene chipupa chikumana ndi denga, panali zina zambiri zamoyo. Mankhwala anali kupha zimene zinali pa agalu tsiku losambitsalo, koma nyumba inali kubwezeretsa zina m'masiku ochepa chabe.

Popeza ambiri a inu, amene muli pa maphunziro ndi amene munabwerera kale kumidzi kwanu, mumaweta agalu olonda makola ndi minda, ndaona kuti ndi bwino kufotokoza nkhaniyi mokwanira. Galu wodwala salonda, ndipo nkhupakupa ikasowa galu imatha kuluma mwana.

Mitundu imene timakumana nayo

Nkhupakupa zilipo za mitundu yambiri, ndipo kudziwa mtundu kumatiuza kumene tiyenera kuika mphamvu zathu. Imene imakhazikika m'nyumba ndi nkhupakupa yofiirira ya agalu, imene akatswiri amaitcha Rhipicephalus sanguineus. Ikakhala ndi njala imakhala yaphwatalala, yofiirira, yopanda mawanga, kukula kwake ngati njere ya chitowe. Yaikazi ikakhuta imatupa n'kukhala yotuwa ngati njere ya nsatsi. Nkhupakupa zina zambiri zimafuna chinyezi cha m'tchire kuti ziswane, koma iyi imapirira kuuma, kotero imatha kukhala moyo wake wonse m'nyumba, m'khonde kapena m'kanyumba ka galu osapita kuthengo. Pa galu imakonda m'makutu, pakhosi ndi pakati pa zala za mapazi.

Yachiwiri ndi nkhupakupa yachikasu ya agalu, Haemaphysalis elliptica. Iyi ndi ya kuthengo. Tiana take timayamwa kwambiri mbewa ndi tinyama tina tating'ono, ndipo zazikulu zimagwira agalu, makamaka kumutu, pakhosi ndi m'mapewa. Agalu osaka ndi operekeza ng'ombe kubusa ndiwo amabwera nayo kawirikawiri.

Palinso nkhupakupa za ng'ombe zimene galu amatola podutsa m'khola kapena kudambo: ya mawanga owala pamsana, Amblyomma variegatum, imene ili ndi mlomo wautali wosiya chilonda, ndi yofiirira ya m'makutu a ng'ombe, Rhipicephalus appendiculatus. Yotsirizayi mumaidziwa bwino chifukwa ndiyo imafalitsa East Coast fever kuno kum'mawa, ndiponso nthenda ya denkete kum'mwera kwa dziko lathu. Galu sadwala matenda amenewo.

Tisasokoneze nkhupakupa zimenezi ndi nkhufi. Nkhufi ndi yofewa thupi, imabisala m'dothi la pansi ndi m'ming'alu, imatuluka usiku, kuyamwa kwa kanthawi kochepa ndi kubwerera kobisala. Simudzaipeza itakakamira pa galu masiku ambiri monga zimachitira zinazi.

Moyo wa nkhupakupa yofiirira

Amene wamvetsa moyo wa kachilomboka samadabwa kuti kusambitsa galu kamodzi sikuthetsa vuto. Nkhupakupa yofiirira imadutsa magawo anayi: dzira, kamwana ka miyendo isanu ndi umodzi, yosinkhukirapo ya miyendo isanu ndi itatu, ndi yaikulu. M'moyo wake wonse imakwera pa galu katatu, ndipo nthawi iliyonse ikakhuta imatsika.

Yaikazi yaikulu imayamwa magazi pafupifupi mlungu umodzi kapena kupitirira. Ikakhuta imagwa pansi, kawirikawiri pamene galu amagona, ndi kukwawa kufunafuna malo obisika. Kumeneko imaikira mazira amene amatha kufika 4,000, kenaka imafa. Mazirawo amaswa pakati pa milungu iwiri ndi isanu, molingana ndi kutentha. Tiana timene timatuluka ndi tating'ono ngati njere za fodya, tovuta kuona pa ubweya. Timakwera pa galu, kuyamwa masiku atatu mpaka asanu ndi awiri, ndi kutsika kukabisala. Pakapita mlungu umodzi kapena iwiri timafundula n'kukhala zosinkhukirapo, zofanana ndi njere ya mawere. Izinso zimakwera, kuyamwa masiku angapo, kutsika, ndi kufundula pakapita milungu iwiri kapena itatu. Zikatuluka zili zazikulu, zokonzeka kukwera kachitatu. M'nyengo yotentha ulendo wonsewu umatha m'miyezi iwiri kapena itatu, choncho chaka chimodzi chimakwanira mibadwo ingapo.

Pali zinthu zitatu zoyenera kusunga m'mutu. Choyamba, masiku amene nkhupakupa imakhala pa galu ndi ochepa poyerekeza ndi amene imakhala yobisala, ndiye kuti zimene mukuona pa galu ndi kagawo kakang'ono ka zonse zimene zili pakhomo. Zazikazi khumi zokha zikatsika zitakhuta zingasiye mazira ofika 40,000 m'chipupa chanu. Chachiwiri, kachilomboka kamapirira njala modabwitsa: tiana timatha miyezi ingapo osadya, ndipo zazikulu zimatha kupitirira chaka. Chifukwa cha ichi, kuchotsa galu pakhomo kwa mwezi umodzi sikuthandiza, ndipo amene walowa m'nyumba imene munali agalu kale angazipeze zikumudikira. Chachitatu, nkhupakupa imeneyi imakonda kukwera m'mwamba. Aliyense amene amapopera pansi pokha amasiya zambiri kuseri kwa mafelemu a zitseko ndi mawindo, m'mipendero ya makatani, kumbuyo kwa zithunzi ndi makalendala, ndi pamwamba pa chipupa.

Matenda amene zimabweretsa

Nkhupakupa zikachuluka zimatha magazi a galu, makamaka mwana wa galu, ngakhale popanda nthenda ina. Koma choopsa kwambiri ndi tizilombo timene zimalowetsa m'magazi kudzera m'malovu poyamwa.

Nthenda yoyamba ndi babesiosis, imene ambiri amaitcha malungo a nkhupakupa. Tizilombo take timalowa m'maselo ofiira a magazi ndi kuwaswa, monga mmene malungo amachitira mwa munthu. Mtundu woopsa, Babesia rossi, umafalitsidwa ndi nkhupakupa yachikasu. Wofatsirapo, Babesia vogeli, umafalitsidwa ndi yofiirira. Zizindikiro zimaoneka pakapita mlungu umodzi mpaka itatu chilumidwire. Galu amatentha thupi, amakana chakudya, amangogona ndi kupuma mofulumira. Mukatukula mlomo wake, nkhama zimene ziyenera kukhala zofiirira bwino zimaoneka zoyera kapena zachikasu, ndipo mkodzo umatha kuda ngati tiyi wopanda mkaka. Galu wotere angafe m'masiku awiri kapena atatu.

Yachiwiri ndi ehrlichiosis, yoyambitsidwa ndi Ehrlichia canis, imene imafalitsidwa ndi nkhupakupa yofiirira. Iyi imayenda mwakachetechete. Galu amadwala pang'ono, amaoneka ngati wachira, koma pakapita miyezi amayamba kuonda, kutuluka kamfuno, ndi kukhala ndi timadontho ta magazi pankhama ndi pakhungu la pamimba, chifukwa magazi ake sakuundana bwino. Galu mmodzi angakhale ndi matenda onse awiri nthawi imodzi.

Ndi nzeru kukhala ndi choyezera kutentha pakhomo, chimodzimodzi chimene timagwiritsa ntchito pa ng'ombe ndi mbuzi. Kutentha kwa galu wathanzi kumakhala pakati pa madigiri 38 ndi 39. Kukapitirira 39.5, ndipo nkhama zayera, musadikire kuti kuche kawiri. Pitani kwa mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu kapena ku ofesi ya dokotala wa ziweto kuboma, kumene angayeze dontho la magazi lochokera kukhutu la galu ndi kudziwa nthenda yeniyeni.

Pano ndichenjeze mwamphamvu. Mankhwala a diminazene, amene ambiri mumawadziwa ndi dzina la Berenil, amachiritsadi babesiosis, koma kwa galu mpata wa pakati pa mlingo wochiritsa ndi mlingo wakupha ndi wochepa kwambiri. Kapaketi kamodzi ka magalamu 2.36 kanapangidwira ng'ombe yolemera makilogalamu 300. Galu wa makilogalamu 15 amafunika gawo limodzi lokha mwa magawo 20 a kapaketiko. Mlingo ukapitirira, kapena jakisoni akabwerezedwa patangopita masiku ochepa, ubongo wa galu umaonongeka; amayamba kudzandira, kuuma miyendo ndi kufa. Ntchito imeneyi isiyireni wodziwa, amene ayambe wayeza kulemera kwa galu pasikelo. Ehrlichiosis amaichiza ndi doxycycline kwa masiku 28, ndipo kusiyira panjira chifukwa galu wayamba kudya ndiko kumabweretsa nthendayo kachiwiri.

Ntchito yoyamba: pa galu

Yambani ndi manja ndi maso. Madzulo aliwonse pamene vuto lilipo, papasani galu kuyambira kumutu: mkati ndi kuseri kwa makutu, m'zikope, pansi pa chingwe cha m'khosi, m'khwapa, m'mphechepeche, pansi pa mchira ndi pakati pa zala. Tizilombo ta babesiosis timafuna kuti nkhupakupa iyamwe tsiku limodzi kapena awiri tisanalowe m'thupi la galu, choncho kuchotsa msanga kumapulumutsa. Ta ehrlichiosis timatha kulowa m'maola ochepa, n'chifukwa chake manja okha sakwanira popanda mankhwala.

Pochotsa, gwirani nkhupakupa ndi kachopanira pafupi kwambiri ndi khungu, pamutu pake, ndipo kokani pang'onopang'ono molunjika, osatswanya mimba yake. Ngati mulibe kachopanira, valani pulasitiki kudzanja. Musaiotche ndi machesi, ndiponso musaipake palafini kapena mafuta kuti itsike yokha, pakuti zimenezi zimachedwetsa ntchito, zimapweteka khungu, ndipo zingachititse kachilomboka kulavulira m'chilonda. Zimene mwachotsa ziponyeni m'kabotolo ka sipiriti kapena pamoto. Musaziphwanye ndi zikhadabo, ndipo musazitaye pabwalo, chifukwa yaikazi yokhuta imene mwataya ikaikira mazira pomwepo.

Za mankhwala, njira yotsika mtengo imene ambiri angakwanitse ndi kusambitsa ndi amitraz. Gulani amene pa chizindikiro chake palembedwa kuti ndi oyeneranso agalu, ndipo tsatirani mlingo wolembedwawo. Kwa amitraz wa mphamvu ya 12.5 peresenti, mlingo wa nkhupakupa kawirikawiri umakhala mamililita 2 pa lita imodzi ya madzi. Yezani ndi sirinji, osati ndi chivindikiro cha botolo. Sakanizani ongokwanira tsikulo, pakuti amitraz akasakanizidwa ndi madzi sachedwa kutha mphamvu. Sambitsirani panja, mutavala magolovesi, ndi kunyowetsa thupi lonse mpaka pakhungu, koma mankhwala asalowe m'maso, m'mphuno ndi m'kamwa. Musamutsuke ndi madzi pambuyo pake. Mgwireni pachingwe pamthunzi kufikira ataumiratu kuti asadzinyambite ndiponso ana asamukhudze. Bwerezani pakapita masiku 7 mpaka 14 monga chizindikiro chikunenera. Amitraz sayenera ana a galu osakwana miyezi inayi, galu wa bere kapena woyamwitsa, ndi galu wodwala. Ndi oopsa kwa amphaka, abulu ndi akavalo. Galu akayamba kuodzera kwambiri, kudzandira, kutuluka dovu kapena kusanza atasamba, mutsukeni ndi sopo ndi madzi ambiri, mumfunditse, ndi kupita naye kwa dokotala wa ziweto pamodzi ndi botolo la mankhwalawo.

M'masitolo a mankhwala a ziweto m'matauni mumapezekanso njira zina zokwera mtengo koma zosavuta. Pali madontho a fipronil othira pakhungu la kumbuyo kwa khosi mwezi ndi mwezi. Pali mapiritsi otafuna, monga a afoxolaner amene amagwira mwezi umodzi, ndi a fluralaner amene amagwira milungu 8 mpaka 12. Palinso mikanda ya m'khosi ya flumethrin imene imatha kugwira mpaka miyezi 8. Ubwino wa izi ndi wakuti galu amakhala wotetezedwa tsiku lililonse, ndipo nkhupakupa iliyonse yotuluka m'chipupa kudzayamwa imafa isanaikire mazira. Galuyo amasanduka msampha. Pogula mapiritsi kapena madontho, dziwani kulemera kwa galu wanu, pakuti amagulitsidwa molingana ndi makilogalamu. Madontho a agalu okhala ndi permethrin amapha mphaka, choncho musamuthire, ndipo asagone pamodzi ndi galu wongothiridwa kumene.

Ena mwa inu munadzala ombwe, Tephrosia vogelii, m'minda mwanu pofuna kubwezeretsa nthaka, ndipo mumadziwa kuti madzi a masamba ake osinja amapha nkhupakupa pa ng'ombe. Dziwani kuti mbewuyi ili ndi mitundu iwiri yofanana maonekedwe, ndipo umodzi ulibe mphamvu yopha tizilombo. Mphamvu ya madziwo imathanso msanga padzuwa. Angathandize potsuka kanyumba ka galu pamene palibe china, koma musawadalire pa vuto lalikulu, ndipo musawatayire kumene angafike ku dziwe la nsomba.

Zinthu izi zisafike pa galu: oyilo wakutha wa galimoto, dizilo, palafini, mankhwala opopera thonje kapena ndiwo zamasamba, fumbi losungira chimanga, ndi mankhwala othira pamsana pa ng'ombe. Galu amadzinyambita, ndipo chimene chili pa ubweya chimathera m'mimba.

Lamulo lalikulu ndi ili: agalu onse a pakhomo alandire mankhwala tsiku limodzi. Galu mmodzi wotsala amadyetsa nkhupakupa zonse za m'nyumba. Ngati agalu a oyandikana nawo amabwera pabwalo panu, kambiranani kuti musambitse pamodzi ndi kugawana mtengo wa botolo.

Ntchito yachiwiri: m'nyumba ndi pogona galu

Chitani ntchito ya m'nyumba tsiku lomwelo limene mwasambitsa agalu. Masaka ndi nsanza zakale zimene agalu amagonapo zitenthedwe. Zofunda, makatani ndi nsalu za pamipando zichapidwe m'madzi otentha kwambiri ndi kuyanikidwa padzuwa lamphamvu. Madzi ozizira sapha nkhupakupa. Tulutsani mipando, mabedi ndi mphasa panja, muzigwedeze ndi kuyang'ana m'malumikizo a matabwa. Sesani nyumba yonse kuyambira kudenga, zipupa, mpaka pansi, ndipo zinyalalazo zipite pamoto. M'ming'alu ya simenti ya pakhonde ndi ya m'kanyumba ka galu thirani madzi owira, amene amapha ndi mazira omwe.

Mukatha kuyeretsa, poperani. Gwiritsani ntchito mankhwala a gulu la pyrethroid, monga deltamethrin kapena cypermethrin, amene chizindikiro chake chikuloleza kupopera m'nyumba za anthu kapena za ziweto. Gulani m'sitolo yovomerezeka, m'botolo losatsegula lokhala ndi chizindikiro chonse, pakuti mankhwala ophera tizilombo m'dziko muno amayenera kukhala ololedwa ndi bungwe la ZEMA. Opimidwa m'timabotolo topanda dzina pamsika simungadziwe mphamvu yake. Musanayambe, tulutsani chakudya, ufa, madzi akumwa, ziwiya, ana, amphaka ndi nkhuku. Valani ovololo, majombo, magolovesi ndi chophimba pamphuno. Lunjikani m'ming'alu, m'makona, m'munsi mwa zipupa, kuzungulira zitseko ndi mawindo, ndi pamwamba pamene chipupa chikumana ndi denga. Musapopere matiresi ndi zofunda. Anthu alowe pokhapokha zipupa zitauma ndipo mphepo yapita m'nyumba kwa maola angapo. Sipuleya imene munapoperapo mankhwala opha udzu kapena a thonje isalowe m'nyumba.

Mankhwala safika bwino pa mazira ndi pa nkhupakupa zimene zabisala mkati mwenimweni kuti zifundule. Chifukwa chake bwerezani pakapita milungu iwiri iliyonse, katatu kapena kanayi, pokhapokha chizindikiro chitanena zina. Mukaona tiana tatsopano patapita masiku khumi, musanene kuti mankhwala alephera. Amenewo ndi mazira amene aswa kumene.

Musayese konse kufukiza nyumba ndi mapiritsi otuwa ofukizira chimanga m'matumba. Mpweya wake, phosphine, umadutsa m'zipinda ndipo wapha mabanja ali m'tulo.

Chomaliza, chimenenso chimakhalitsa kuposa mankhwala, ndi kutseka mobisalamo. Mukatha kupopera kachiwiri, matani ming'alu yonse ndi simenti kapena dothi, zirani pansi, ndi kupaka laimu m'zipupa. Chipupa choyera ndi chosalala chimasowetsa nkhupakupa pobisala, ndipo imene yakwera imaoneka msanga. Galu akhale ndi malo amodzi ogona, kunja kwa nyumba ya anthu, osavuta kusesa ndi kutsuka. Malo amodzi odziwika ndi opepuka kuwasamala kusiyana ndi makona khumi.

Ntchito yachitatu: pabwalo

Sikofunika kupopera bwalo lonse. Kuteroko ndi kutaya ndalama, ndiponso kumapha njuchi ndi tizilombo tothandiza m'dimba. Nkhupakupa sizikhalitsa pa dothi losesedwa limene dzuwa limaomba tsiku lonse. Zimakhala pamthunzi pamene agalu amapumula masana: pansi pa nkhokwe, pansi pa ngolo, m'milu ya njerwa ndi nkhuni, m'mphepete mwa mpanda ndi m'tsinde mwa mtengo wa mango. Tsatirani galu wanu tsiku limodzi, muone pamene amagona, ndipo malo amenewo ndiwo muyeretse ndi kupopera.

Tchetchani udzu wozungulira nyumba ndi wa m'njira zopita kukhola ndi kuchitsime, makamaka kuyambira Disembala mpaka Malichi pamene nkhupakupa zazikulu za kuthengo zimachuluka ndi kudikira pansonga za udzu. Sesani masamba ouma, sunthani milu ya nkhuni ndi njerwa kutali ndi khonde, ndipo tsekani kunsi kwa nkhokwe kuti agalu asalowe. Kuchepetsa makoswe ndi mbewa pakhomo kumachepetsanso chakudya cha tiana ta nkhupakupa yachikasu. Nkhuku ndi nkhanga zimatola nkhupakupa zambiri, ndipo ndi athandizi aulere. Koma muzitsekere tsiku lopopera kufikira pamalopo patauma. Ng'ombe ndi mbuzi zipitirize kulandira dibi panthawi yake, kuti galu wopita nazo kubusa asabwere ndi katundu tsiku ndi tsiku.

Madzi otsala posambitsa kapena potsuka sipuleya atayidwe m'dzenje lakutali ndi chitsime, mtsinje ndi dziwe la nsomba, chifukwa mankhwala a pyrethroid amapha nsomba ngakhale atakhala ochepa kwambiri. Botolo lotha litsukidwe katatu, libooledwe, ndipo lisasungiremo mchere, mafuta ophikira kapena madzi.

Anthu a pakhomo

Nkhupakupa yofiirira imakonda galu kuposa munthu, koma zikachuluka, makamaka m'nyengo yotentha, zimaluma anthu. Ana amene amasewera ndi agalu muziwayang'ana powasambitsa: m'tsitsi, kuseri kwa makutu, m'khwapa ndi m'chiuno. Mukaipeza, ichotseni monga tafotokozera ndi kutsuka pamalopo ndi sopo.

Nkhupakupa yofiirira ya agalu ndi ya mawanga ya ng'ombe zimatha kupatsira munthu nthenda ya kutentha thupi yoyambitsidwa ndi tizilombo ta Rickettsia. Pakapita masiku asanu mpaka khumi munthu amamva mutu, kuphwanya m'thupi ndi kutentha, anabere amatupa, ndipo pamene panalumidwa pamakhala kachilonda ka nkhanambo yakuda kozunguliridwa ndi kufiira. Zizindikirozi zimafanana ndi malungo. Mukapita kuchipatala n'kupezeka kuti malungo mulibe, auzeni achipatala za nkhupakupa ndi kuwaonetsa kachilondako. Nthendayi imachizika bwino ikadziwika msanga.

Ndondomeko ya miyezi itatu

Tsiku loyamba sambitsani kapena patsani mankhwala agalu onse, tenthani zogonera zakale, yeretsani ndi kupopera nyumba, khonde ndi malo a mthunzi. M'milungu isanu ndi itatu yotsatira, papasani agalu madzulo aliwonse, bwerezani kusambitsa pa nthawi yake, ndi kupopera pakapita milungu iwiri iliyonse. Mukatha kupopera kachiwiri, matani ming'alu ndi kupaka laimu. Mwezi wachitatu lekani kupopera ngati simukuonanso nkhupakupa m'zipupa, koma chitetezo cha pa galu chipitirire chaka chonse, popeza zazikulu zanjala zingatuluke ngakhale patapita miyezi yambiri. Lembani masiku onsewa m'buku lanu la zochitika pa famu, pa tsamba lomwelo la katemera wa chiwewe, monga mmene mumalembera dibi ya ng'ombe. Ngati mwatsata mlingo ndi masiku mokhulupirika koma nkhupakupa za pa galu sizikufa, musawonjezere mphamvu ya mankhwala. Funsani mlangizi wa ziweto kuti akusankhireni a gulu lina, pakuti nkhupakupa zimatha kuzolowera mankhwala amodzi. Galu watsopano, wogula kapena wopatsidwa, ayambe wayang'anidwa ndi kulandira mankhwala asanasakanikirane ndi anzake.

Mlimi uja anatsata ndondomeko imeneyi ndi botolo lomwe lija limene anali kulikayikira. Pa mlungu wachitatu anatumiza uthenga wodandaula kuti tiana tatulukanso, ndipo ndinamuuza kuti apitirize. Pofika kumapeto kwa Januwale zipupa zinali zoyera, ndipo agalu awiri otsalawo anali atabwerera m'thupi. Amene muli pa maphunziro tsopano tidzachitira pamodzi ntchito yoyang'ana agalu, kuyeza kutentha ndi kusakaniza mankhwala pa phunziro la umoyo wa ziweto. Aliyense abwere ndi magolovesi ake ndi buku lolembamo.